Disitiributa ya kwa a Zuze ndi Zinanazi za Mayi Esinati

Ana anga, musanamve kwa anthu ena, imvani kwa ine: amene anayambitsa zonse za pikapu ya zinanazi pa Chitakale ndine, bambo wanu yemweyu amene lero amakukalipirani mukamaseweretsa masiwichi a m'nyumba. Azakhali anu amakonda kuifotokoza nkhaniyi pa maukwati, koma amaipinda, amandisandutsa kamwana kolira. Sindinalire. Ndipo mutandibwezera ku tsiku limenelo, boneti ili chitsegukire, sindikulonjeza kuti manja ndingawaike m'thumba. Ndagwira ntchito ya umakaniko ku esiteti ya tiyi mpaka kupuma, pansi pa mabwana ena abwino, ena onga mvula ya matalala. Ndatsegula mathirakitala, malole ndi majenereta. Koma ntchito yeniyeni ndinaiona tsiku limodzi, ndipo amene anandigulira malo akutsogolo pa chionetserocho ndi kupulupudza kwanga.

Chaka chimene ndinasiya sukulu

Ndinalekezera Fomu 3. Mutu unalipo, musandinyoze. Kungoti ahedi anatopa nane atapeza nanzikambe m'bokosi la choko, ndipo sanafunse n'komwe kuti wamuika ndani. Mayi anandigwira dzanja mpaka kwa mlongo wawo, atsibweni anga a Namakhwa, amene anali ndi galaja kuseri kwa masitolo a pa Chitakale.

“Nayu mphwanuyu, achimwene,” anatero mayi. “Mwina zitsulo zimuwongola.”

“Zitsulo siziwongola munthu, chemwali, zimangomudula zala,” anayankha atsibweni. “Musiyeni, tione kuti atsala ndi zingati.”

Atsibweni sanali munthu wodzichepetsa, ndisakunamizeni. Ankanena poyera kuti anthu odziwa injini analipo awiri, iwo ndi amene anaipanga, ndipo winayo anamwalira. Galaja yawo inali denga la malata, dzenje logonamo pansi pa galimoto, ndi vayisi yokhomera pa chitsa. Zipangizo zatsopano masiku amenewo kunalibe. Ukapita ku masitolo a ku Limbe ankangoti “zikubwera”, ndipo zinkabweradi mwini galimoto atakalamba. Choncho chilichonse chinkakonzedwa, kusemedwa kapena kufukulidwa ku sikirapu. Ine ntchito yanga inali kutsuka mabawuti m'petulo ndi kutumidwa kukagula fodya. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene anandiphunzitsa ndi pakamwa m'miyezi yoyambayo: disitiributa. Kamakhala kachitsulo konga chitini pambali pa injini, kali ndi khosi lalitali lolowa mkati, ndipo pamwamba kavala kapu yotulukamo mawaya anayi opita ku mapulagi. Pansi pa kapuyo pamazungulira kachala kotchedwa rota, kamene kamagawira pulagi iliyonse moto pa nthawi yake. “Wani, fili, folo, thu,” ankatero atsibweni, akugogoda chipumi changa ndi sipanala. “Ukasokoneza mzere umenewu, injini imatsokomola ngati mfuti.” Mwana wina akanamva chenjezo. Ine ndinamva malangizo.

Disembala wa chaka chomwecho

Kunali pikapu ina yakale imene kumbuyo kwake kunalembedwa kuti Pang'onopang'ono, ndipo aliyense ankaitchula dzina lomwelo. Mwini wake anali Mayi Esinati, amasiye a kumunsi kwa phiri, amene ankasonkhanitsa zinanazi za amayi a m'mudzi mwawo n'kukawagulitsira ku Limbe. Woyendetsa anali a Chikopa, bambo a malaya oyera ndi chipeso m'thumba. Iwowa akabwera ku galaja ankapukutira manja awo pa malaya anga, n'kumanditchula kuti Kagirizi, makamaka pakakhala atsikana.

M'mawa wina atsibweni atandituma fodya, ndinapeza Pang'onopang'ono yaima pafupi ndi msika, yadzaza zinanazi mpaka kupitirira denga, zakupsa, zachikasu, fungo lake likufika kutsidya kwa msewu. A Chikopa ndi Mayi Esinati anali atalowa kukamwa tiyi. Boneti ya pikapuyo inalibe loko, ankangoimanga ndi lamba wa chubu. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinamasula lambayo, ndinazula mawaya awiri pa kapu, wa thu ndi wa fili, n'kuwasinthanitsa, kenako ndinakakhala pa khonde la telala ngati mwana wa kwaya.

A Chikopa anatuluka, anapesa tsitsi pa galasi, analonjera amayi ogulitsa nthochi mmodzimmodzi, n'kulowa. Atatembenuza kiyi, injini inadzuma, inagwedezeka, kenako kuekizozi kunamveka phuu, ngati wina waombera nguluwe. Nkhuku zinauluka. A Chikopa anatulukira khomo la kumanzere, osati lawo, n'kutera mwendo umodzi m'dengu la nthochi. Ana anga, ndakhala ndi masiku okoma pa moyo wanga, ukwati wanga ndi kubadwa kwanu, koma limeneli silitsalira kutali.

Kuseka kunandithera pang'onopang'ono, ngati dzina la galimotoyo. Amayi aja atayamba kuwaseka, a Chikopa manyazi anawakwera, ndipo m'malo motuma mwana kukaitana atsibweni, anati akonza okha. “Ndi taimingi iyi, nthawi ya moto yathawa,” anauza gulu. Anazula udzu n'kumanga mfundo pa waya aliyense, imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, motsata mmene anawapezera pa kapu, kuti asadzasokoneze pobwezera. Kenako anamasula bawuti n'kuyesa kupotoza disitiributa. Inakana, poti inali itagwirana ndi dzimbiri. Anatenga wilo sipanala n'kuigogoda. Kachitatu kake khosi lija linathyoka, mutu n'kupendekeka ngati nkhuku yodulidwa.

Atsibweni atabwera anayang'ana khosi lothyokalo, anayang'ana mfundo za udzu zija nthawi yaitali ndithu. Anangoti, “Iyi yafa. Kuwotcherera sikutheka.”

Mayi Esinati sanakuwe. Anayandikira n'kulankhula motsitsa, ndipo mawu awo ndikuwamvabe. “Bambo Namakhwa, zinanazi izi si zanga ndekha. Muli za anzanga amene akudikira feteleza, muli za mayi wina amene mwana wake akukayamba sekondale. Zathyoledwa zitapsa kale. Zikagona pano kawiri ndi dzuwa limeneli, ndikabweza mowa kumudzi.” Lole ina yoti n'kubwereka panalibe, onse anali ku tiyi. Atsibweni anakulunga disitiributa yakufayo m'chiguduli n'kundiponyera. “Nyamula maliro ako,” anatero. “Tikupita kwa Chonde.” Mawu oti “ako” ndinawamva, koma ndinayesa ngati ndi mphepo.

Kwa a Zuze, masana ake

Tinakwera matola. Kuseri kwa msika wa Chonde kunali bwalo la a Zuze, mkulu wobadwira kutsidya kwa malire, amene ankatchula malo akewo kuti sukata pamene ife tinkati sikirapu. Ndinali ndisanaonepo zotere. Magalimoto akufa anali ndondondo pansi pa mitengo ya mango, ena atamira m'dothi mpaka m'zitseko, maungu atayanga kulowa pa windo kutulukira pa boneti. Zitsulo zimene anachotsa kale anazipachika ndi mawaya m'nthambi, masitata, makabuleta, mapampu, zikulendewera pakati pa mango osapsa, ndipo mphepo ikadutsa zinkagundana n'kumalira ngati mabelu. Ndinavula kapusi osadziwa chifukwa chake.

“Alamu, mwabwera kudzandibera chiyani lero?” anatero a Zuze.

“Ndabwera kudzakuchotserani zinyalala, alamu. Mundithokoze.”

Madisitiributa ankawasunga m'firiji yopanda chitseko. Ine, pofuna kuti zithe msanga, ndinafufuza mwakhama kuposa masiku onse, ndipo ndinapeza ina yonyezimira, yochokera m'galimoto imene inagubuduzika isanakalambe. Ndinaiika pambali pa yakufa ija. Khosi kunenepa chimodzimodzi. Kutalika chimodzimodzi. Giya ya kunsi, mano ake ofanana. Ngakhale kapu yathu inakhalapo bwinobwino, zomangira zake n'kutseka kuti thapu.

“Mapasa,” anatero a Zuze. “Mwanayu ali ndi diso. Tengani, mukafike dzuwa lisanapendeke.”

Atsibweni anailandira ngati akulandira khanda la eni. Anagwira giya ndi dzanja lamanzere kuti isayende, ndipo ndi zala ziwiri anapotoza rota. Inasuntha pang'ono chakumanzere, n'kubwerera yokha. Anatenga yakufa ija n'kuchita chimodzimodzi. Inasuntha chakumanja.

“Mapasa, koma wina ndi wamanzere,” anatero. Anandipatsa kuti ndiyese ndekha, ndipo ndinamva m'zala mwanga kasipuling'i kakukoka. “Pansi apa pali timiyala tiwiri tachitsulo. Injini ikathamanga timatambasuka n'kukankha rota kuti moto ufike msanga, chifukwa pisitoni yothamanga siidikira munthu. Koma timatambasukira mbali imene anatipangira. Injini ya Pang'onopang'ono imazunguza chakumanja. Iyi anaipangira injini yozunguza chakumanzere. Ilowa bwinobwino, iliza injini, anthu pa Chitakale andiombera m'manja. Pa chitunda choyamba chokwera ku Limbe moto uzidzafika mochedwa, injini idzatentha, ndipo Mayi Esinati adzagona patchire ndi zinanazi zawo.”

A Zuze anaseka mpaka kutsokomola. “Ndinagulitsapo inzake chaka chatha. N'chifukwa chake munthu uja sandilonjera.”

Tinayendayenda m'manda a magalimotowo. Atsibweni ankasuzumira m'injini iliyonse ya mapulagi anayi, kuchotsa kapu, kupotoza rota, kupukusa mutu kapena kung'ung'udza. Ina inalibe mapointi, tizitsulo tiwiri timene timagundana n'kulekana kuti moto utuluke, inali ya makono yofuna kabokosi kake ka magetsi kamene kanabedwa kalekale. Ina shafiti yake, kachitsulo kozungulira mkati mwa khosi, inkagwedera ngati dzino la mwana. Pomaliza anaima pa kavani kena kamene munkaikira nkhuku. Atachotsa kapu tinapeza bemberezi atamangamo nyumba yake yadothi. Ine ndinaseka. Atsibweni anakokola dothilo ndi chikhadabo, anathirapo timadontho ta oyilo, n'kupotoza rota. Inapita chakumanja, n'kubwerera mwaulemu. Kenako anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Pambali pa disitiributa pamakhala kambale kotsekeka kokhala ndi kapaipi. Anapukuta kapaipiko pa malaya, anakaika pakamwa, n'kuyamwa. Mkati, mbale yonyamula mapointi inasuntha yokha, ngati chamoyo chimene chadzutsidwa kutulo. Anatseka kapaipiko ndi nsonga ya lilime, ndipo mbaleyo inaima pomwepo osabwerera mpaka atachotsa lilime.

“Mapapo ake ndi abwino,” anatero, akulavula dzimbiri. “Zula.”

Titaizula mtima wanga unagwa. Giya ya kunsi inali ya mano ena, ndipo shafiti inali yotalikirapo. Atsibweni anathyola kaphesi ka udzu, anayeza yakufa, anadula ndi mano, n'kuyeza inayo. Kusiyana kwake kunali ngati kunenepa kwa chikhadabo cha chala chachikulu. “Zakunja timasema,” anatero. “Zamkati sitingaseme. Munthu umasankha mtima, nsapato umamugulira.” A Zuze anakana kutchula mtengo wa chinthu chimene munkagona bemberezi. Anati tiwatumizire zinanazi ziwiri, koma zosavunda.

Pa Chitakale, dzuwa litapendeka

Tinapeza Mayi Esinati atafunditsa katundu wawo ndi masamba a nthochi, akuwaza madzi ndi kambale. Njuchi zinali zitayamba kale msonkhano, ndipo pansi pa pikapu panali patadontha madzi otsekemera. Atsibweni anathamangira ku vayisi. Anakhoma pini ya giya yakale ndi msomali wodula nsonga, anavula giyayo n'kuiveka pa shafiti ya kwa a Zuze, anaboola bowo latsopano, ndipo kunsonga anapala ndi tupa, kupala n'kuyeza ndi kaudzu kaja, kupala n'kuyeza. Anandiuza kuti nsonga imeneyo ndi imene imazunguzanso pampu ya oyilo, ndipo ikapanda kukhala bwino injini imayenda ndi ludzu mpaka kufa. Manja awo, amene ankandigogoda mutu tsiku ndi tsiku, ankagwira tupa mofatsa ngati akumeta mwana.

Kumsewu gulu linali litachuluka. Atsibweni anachotsa pulagi ya wani n'kundiuza kuti nditseke bowolo ndi chala. Iwo anazunguza injini ndi sipanala pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi mpweya unakankha chala changa n'kutuluka kuti fyuu, wofunda, ngati ng'ombe yandipumira m'dzanja. “Pisitoni yafika pamwamba imeneyo, ikufuna moto,” anatero. Analowetsa disitiributa, ndipo inatsika mpaka kukhala pansi kuti khu, ngati inabadwira momwemo. Anatenga kapepala kopichirira fodya, anakapanikiza pakati pa mapointi, n'kundipatsa kuti ndizikoka mofatsa. Anapotoza disitiributa pang'ono, pang'ono, mpaka kapepalako kanapulumuka m'zala mwanga. Pomwepo anamanga bawuti. Popanda mita, popanda getsi, kapepala ka fodya basi.

“A Chikopa, bwezerani mawaya anu,” anatero atsibweni. “Paja munaika zizindikiro.”

A Chikopa anabwezera motsata mfundo zawo, monyadira, akuwerenga mokweza kuti onse amve. Ine ndinadziwa kuti zivutanso, chifukwa mfundozo anamanga pa mzere umene ndinausokoneza ine. Ndinayang'ana atsibweni kuti aona. Iwo ankayang'ana phiri. Kiyi atatembenuzidwa, injini inadzuma, inagwedezeka, phuu.

Atsibweni anapukuta manja pa chiguduli. “Basi, yakana,” anatero mokweza. “Za ku sikirapu ndi choncho. Pepani, mayi, ine nzeru zandithera. Tsitsani katundu, mugulitse pompano zimene zingagulike.”

Munthu amene ankati anatsala yekha pa dziko wodziwa injini, lero nzeru zamuthera. Mayi Esinati anapita kumbuyo kwa pikapu. Anakwera pa tayala n'kuyamba kumasula chingwe, ndipo ndinaona kuti zala zawo zikulephera kumasula mfundo imene anamanga okha. Pamenepo ndinawerengera. Ndikakhala chete, palibe adzadziwe, koma zinanazi za mudzi wonse zithera njuchi, ndipo ntchito yokongola imene ndaiona ndi maso angawa, kuyamwa kuja, kaudzu kaja, kapepala kaja, anthu adzaitcha yolephera. Ndikayankhula, a Chikopa ali ndi wilo sipanala pafupi. Kunena zoona, chimene chinandipweteka kwambiri si zinanazi kapena sipanala, koma kuti disitiributa ya bemberezi inyozedwe ilibe mlandu.

Ndinangopita pa injini anthu onse akuona, ndinazula waya wa mfundo ziwiri ndi mnzake, n'kuwabwezera m'malo mwawo. “Tayesaninso, a Chikopa,” ndinatero.

Inalira ulendo woyamba womwewo. Sindinamvepo Pang'onopang'ono ikulira choncho, mosalala ngati makina a telala. Atsibweni anakoka waya wa mafuta, injini inakwera mawu osatsokomola, ndipo anatseka maso kumvetsera. Kenako mayi wa nthochi, mwini dengu lija, anati, “Nanga mwanayu wadziwa bwanji kuti ndi awiri amenewo?” A Chikopa anandiyang'ana, anayang'ana dengu la nthochi, ndipo ndinaona nzeru ikuwafika pankhope pang'onopang'ono.

“Za mlandu mawa,” anatero Mayi Esinati, akumanganso chingwe. “A Chikopa, lowani.”

Madzulo ndikusonkhanitsa masipanala ndinafunsa kuti, “Atsibweni, munadziwa liti?”

“M'mawa, nditangoona mfundo zija.”

“Nanga bwanji osangobwezera nokha?”

“Ine ndimakonza zimene zawonongeka zokha,” anatero. “Zimene wawononga munthu amabwezera mwini wake.”

Tsiku lotsatira

Pang'onopang'ono inabwera masana ili yopanda kanthu kumbuyo, kupatula zinanazi ziwiri za a Zuze. Mayi Esinati anati zapansi zochepa zinaphwanyika, koma zina zonse zinapita, ndipo pa zitunda zija galimoto inakwera osapempha giya yoyamba, chinthu chimene sichinachitikepo chimwalirire amuna awo. Disitiributa imeneyo inakhala m'pikapumo mpaka pikapuyo inakagona nayo kwa a Zuze, patapita zaka.

Mlandu unazengedwa pa galaja pomwepo. A Chikopa ankafuna chikoti. Mayi anga, amene anali atamva kale kumsika, ankafuna zikoti ziwiri. Atsibweni anati pa galaja pali chilango chake. Anazula waya wa pulagi imodzi n'kundipatsa kuti ndigwire kunsonga ndi dzanja, dzanja linalo ndigwire chitsulo cha galimoto. “Tiyese ngati disitiributa yako ili ndi moto. A Chikopa, kiyi ndi wanu.”

Sindinaonepo munthu akutembenuza kiyi mosangalala choncho. Moto unalowa pa chala, unadutsa m'chigongono, unakagogoda mano a kumbuyo n'kutulukira dzanja linalo. Ndinavina gule amene kwathu kulibe. Koma pakati pa kuvinako ndinkaganiza chinthu chimodzi: moto uwu wachokera m'nyumba ya bemberezi, m'kavani ka nkhuku, wagona m'dothi zaka zonsezi, ndipo ukadali waukali chonchi.

“Ulipo?” anafunsa atsibweni.

“Ulipo, atsibweni.”

“Wotani?”

“Wokafika ku Limbe n'kubwerako.”

Anagamula kuti dzinja lonselo galimoto iliyonse yobwera ndi vuto la moto, woyesa ndine. Ndinavomera ndi mtima woyera, poti aka kanali koyamba kundipatsa ntchito yangayanga pa injini m'malo motsuka mabawuti. A Chikopa anapempha kuti atembenuzenso kiyi kachiwiri, kuti atsimikize. Ndinawapatsa dzanja linalo, n'kuwafunsa mwaulemu ngati mayi wa nthochi uja anamaliza kuwachapira sokosi.